Madzi Akuda a Kalongonda

Lolemba, 15 Julaye 1996

Chaka cha 1988, ku koleji, ndinakwezapo dzanja kamodzi kokha. Aphunzitsi anali atalemba pabolodi ma amino asidi makumi awiri amene amamanga mapuloteni a chamoyo chilichonse. Ine ndinafunsa kuti bwanji makumi awiri okha. Kalasi yonse inaseka, woseka kwambiri Felton. Sindinafunsenso kanthu mpaka kumaliza.

Lero Felton yemweyo wandilembera kuchokera ku Ulaya. Kalata yayenda milungu isanu, koma yafika yosatsegulidwa. Zinthu zasinthadi m'dziko muno. Akuti gulu lawo limasintha ma enzaimu, timisiri ta m'thupi tija, kuti tizipanga ma amino asidi ena kunja kwa makumi awiri aja. Pali malo a wophunzira mmodzi. Akufuna masamba awiri a ganizo langalanga, afike mwezi uno usanathe. "Elia, funso lako lija anthu akudyera kuno," watero.

A Nowa, oyendetsa lole ya kumishoni, akupita Lachisanu m'mawa ku Lilongwe, kumene kalata ya pandege sichedwa. Kalata ikaphonya iwowo, basi zatha.

Ganizo langalanga? Ine mphunzitsi wa Folomu 2 ku Nachisaka, labotale yake kabati imodzi?

Lachiwiri, 16 Julaye

Ndalemba mutu ndi dzina langa. Ndafufuta mutu.

Lachitatu, 17 Julaye

Alamu anga a Faines, akazi a achimwene, abwera ndi kalongonda kuchokera kwawo ku Ntchisi. Tsiku lonse ali naye pamoto: kuwiritsa, kutaya madzi, kuthira ena, kuwiritsanso. Apo ayi munthu amazungulira mutu. Akusefera nsalu ya chipani imene anapatsidwa pamsonkhano. Akuti ndi ntchito yokhayo imene chipanicho chawagwirira.

Ndikuyang'ana madzi akuda bii, mutu unatseguka. Dopa! Nyemba imeneyi ili ndi dopa wambiri, amino asidi amene sali m'gulu la makumi awiri lija, yemwe madokotala amapatsa odwala matenda onjenjemera manja. Zaka zonsezi ali kuseri kwa khitchini yathu.

Ndatunga madzi otaya aja m'mabotolo asanu ndi limodzi, oyamba mpaka omaliza, ndamata manambala, ndaika kuseri kwa nkhokwe. Mawa ndiyerekeza kuda kwake. Sindinauze munthu, kuopa kusekedwa. Ndadya kalongonda mbale ziwiri.

Lachinayi, 18 Julaye

Pobwera kusukulu ndapeza mabotolo anga onse pathandala, otsukidwa, ozondotsa, akuwala mbee. Manambala omwe anachotsa.

"Alamu, madzi aja?"

"Ndakataya kudzenje. Madzi a kalongonda amasunga? Mukufuna kutimalizira nkhuku?"

Ndinakhala pamtondo. Mumtima ndinamva kupepuka pang'ono, zochititsa manyazi: chifukwa cholepherera chinali chapezeka, ndipo sichinali ine.

Koma alamu sanachoke. Anafunsa chimene ndimafuna kuona. Ndinati ndimafuna kudziwa madzi amene amada kwambiri.

"Zimenezo? Mukanangofunsa, aphunzitsi." Alamu amanditchula aphunzitsi akafuna kundiseka.

Akuti wamuwisi ukamusinja n'kuthira madzi ozizira amada msanga, usanamalize kusesa pabwalo. Ukayamba wamuwiritsa, amachedwa. Ndipo manja akayamba kuda posenda, kwawo amapaka ndimu.

Ndinaimirira. Chimene chimafa ndi moto n'kufooka ndi ndimu, chimenecho ndi enzaimu, palibenso china.

Tinatenga mbale zitatu, wamuwisi, wowiritsa, ndi wamuwisi wothira ndimu. Ine ndi wotchi, iwo ndi musi. Mbale yoyamba inayamba kufiirira pa mphindi zisanu ndi zinayi, kenako kuda. Zinazo zinangokhala. Tinabwereza katatu. Achimwene a Andireya pochokera kudimba anaima n'kutiyang'ana.

"Ndiwo zake zimenezi?"

"Pitani mukasambe, tili pasukulu," anatero alamu osatembenuka.

Ganizo lake ndi ili, ndilembe ndisanayambe kulikayikira. Monga ndikukumbukira, enzaimu ya mtundu umenewu imagwira ntchito ziwiri: imapanga dopa, kenako imamuwononga n'kumusandutsa zakudazo. Titaisintha kuti izichita yoyamba yokha n'kuima, tingaipatse zinthu zina zofanana ndi chakudya chake, izitipangira abale a dopa amene kulibe. Ndipo posankha enzaimu yosinthika bwino, poyambira ndi maso: mbale yada kapena sinade.

Mwina ena anachita kale. Mabuku anga ndi a 1989. Mwina Felton akasekanso, nthawi ino pamodzi ndi azungu ake.

Ndawafotokozera alamu zonse m'Chichewa. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Ndiye mukufuna wantchito amene amaphika koma osapsereza." Chiganizo chimenecho ndachiika m'Chingerezi, chili pa tsamba loyamba.

Lachisanu, 19 Julaye

Ndadzuka kukuyera, ndakopera bwinobwino masamba awiri. Pansi ndalemba kuti zoyesazi tinachita ndi Mayi Faines Andireya a ku Ntchisi. Nditawawerengera anati ndiwonjezere kuti ndimu anali wawo.

Ndikuwerenga komaliza, chigongono chinagunda mbale ya dzulo imene inatsala patebulo. Dontho limodzi, lakuda, pakona pa tsamba lachiwiri. Nthawi yomweyo hutala kumsewu.

Ndinati ndikopere kaye. Ndinatinso mwina ndidikire chaka chamawa, ndipeze mabuku atsopano, ndiyese bwino. Alamu anaima pakhomo, manja m'chiuno.

"Chaka chamawa kalongonda adzakhala wina? Dontholo lisiyeni, akaone okha kuti amadadi."

Hutala kachiwiri. A Nowa anasuzumira pazenera la lole.

"Aphunzitsi, ine ndikufuna ndikafike ku Mponela dzuwa lisanakwere. Ilipo kalatayo kapena ayi?"

Ndinapinda masamba aja patatu, dontho lili mkati, n'kuika mu envulopu. Ndinamata. A Nowa anawerenga adiresi mokweza, analephera dzina la mzinda, n'kuseka. Anaika kalatayo m'thumba la malaya n'kumanga batani.