Bambo anga akudya mbewa kuti dzanja lileke kunjenjemera

Aphungu,

Ndithandizeni, pakhomo pathu pakungonunkha mbewa zowamba ndipo mtima wanga suli m'malo.

Bambo anga, a Florentino, ndi telala pamsika wa Milange. Chaka chatha dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera. Poyamba tinkati ndi kuzizira, koma pano kulowetsa ulusi pa singano ndi nkhondo, ndipo posachedwapa anadula nsalu ya kapulana ya kasitomala mokhotakhota mpaka mwiniwake anaikana. Ndikati tipite kuchipatala amakana, ati anthu akawaona pamzere wa odwala adzasiya kubweretsa nsalu.

Ndiye pali mwamuna wanga Hermínio, amene amamvera wailesi ndi khutu limodzi, linalo lili ku mpira. Tsiku lina anafika ali wefuwefu nati, "Apongozi, mwachira basi. Akatswiri akunja apeza kapuloteni kena mu ubongo kamene kamasokoneza mitsempha. Apanga mankhwala okalasa kameneko, ayesa pa mbewa, ndipo mbewazo zaleka kunjenjemera."

Bambo anafunsa kuti, "Nanga mankhwalawo ali kuti?"

Iye anati, "Ali m'mbewamo. Komanso mbewa ndi puloteni yokhayokha, ikakakumana ndi inzake kumutuko zikamvana."

Chiyambire tsikulo, ogulitsa mbewa ochokera ku Mongue amayamba aimika njinga pakhomo pathu asanafike kumsika. Hermínio anamvanso kuti mbewa za akatswiri zimakhala zoyera, ndiye amazitembenuza imodziimodzi kusankha zoyera pamimba. Nayenso amadya nawo, ati kupewa kuposa kuchiza, moti wanenepa mpaka lamba watha mabowo.

Anzanga akuseka, koma ine zikundiwawa. Bambo akuti akumvako kusintha, chonsecho dzulo tiyi anatayika theka kapu isanafike pakamwa, ndipo ndinawaona akubisa dzanja pansi pa makina osokera. Ndikalankhula, Hermínio amati sindikhulupirira sayansi. Nditani ine?

R.F., Milange

Okondedwa R.F.,

Choyamba muuzeni Hermínio atsegule khutu lachiwiri lija. Pa kafukufuku wotere mbewa si mankhwala, ndi wodwala. Munthu akachira kuchipatala sitimuwamba n'kugawira odwala anzake. Ndipo mbewa za ku Mongue sizinaonepo jakisoni chibadwire, zimangodziwa chimanga cha eni ake.

Za puloteni sananame zonse. Mu ubongo muli mapuloteni ambirimbiri amene thupi limapanga lokha, ndipo akatswiri akakayikira kuti kena ndiko kakuyambitsa matenda, amafufuza mankhwala oti akagwire komweko. Koma kuchoka pa mbewa kufika pa munthu pamadutsa zaka, ndipo mankhwala ambiri amathera panjira. Puloteni ya m'mbale imakathera m'mimba, umboni wake ndi lamba wa amuna anu.

Tsono za bambo, apa ndasiya kuseka. Dzanja limanjenjemera pa zifukwa zosiyanasiyana, zina zazing'ono, zina za mitsempha ya mu ubongo, ndipo wozisiyanitsa ndi dokotala yekha. Ngakhale zimene sizichiritsika, zambiri zili ndi mankhwala ochepetsa kunjenjemera, oti munthu n'kumagwirabe ntchito yake. Amenewo alipo kale, sakudikira mbewa.

Khalani nawo pansi muli awiri, Hermínio ali ku mpira. Musawatsutse za mbewa. Auzeni zimene munaona, za tiyi ndi za dzanja lobisidwa lija, ndi kuti mukuchita mantha. Makasitomala sathawa telala chifukwa wapita kuchipatala, amathawa kapulana yokhota. Poti mbewa amazikhulupirira, akumbutseni mwaulemu kuti mbewa yamanyazi inafera kuuna.

Hermínio musamuchititse manyazi, mtima wake ndi wabwino, vuto ndi khutu. Mupatseni udindo wowakweza bambo pa njinga kupita nawo kuchipatala, ndipo mafunso ake a sayansi akafunse dokotala yekha. Inu mupite nawo, mukafotokoze pamene zinayambira. Pakadali pano muziwalowetsera ulusi pa singano m'mawa, osanenapo kanthu.

Mbewa azidya ngati ndiwo, palibe mlandu. Koma mlungu uno usathe bambo asanaonane ndi dokotala, ndipo wailesiyo muiyang'anire. Akatswiri ena akamaliza ndi mbewa amayesa pa anyani, ndiye tsiku limene adzalengeze zimenezo, mabatire adzakhale ali m'thumba mwanu.

Aphungu