Chipsera Changa cha Pachipumi

Lachinayi, ku Chilomoni. Kunatentha kwambiri lero, koma mtima wanga wapepuka.

M'mawa ndinatumizira amayi ku Nsanje chithunzi changa cha ku ukwati wa Loweruka, kudzera pa foni ya achimwene. Ndinali nditachikonza pa foni monga mwa masiku onse, khungu loyera, nkhope yosalala ngati ya chidole.

Masana ndikuluka kasitomala ku saluni, amayi anandiimbira foni.

"Iwe Esinati, mtsikana wanditumizirayu ndi mwana wa ndani?"

Ndinaseka. "Ndine amene, amayi."

"Ayi. Wanga ali ndi chipsera pachipumi. Ndinathamanga naye kumbuyo kuchokera kudimba mpaka kuchipatala, magazi ali chuchuchu pansalu yanga. Chipseracho wachipititsa kuti?"

Zaka zitatu ndakhala ndikuchifufuta pazithunzi kuti anthu a pa intaneti azindiyamikira, anthu oti titakumana pamsika wa Zingwangwa sangandizindikire n'komwe.

Nditaweruka ndinaima pakhonde dzuwa lisanalowe, n'kudzijambula osakonza chilichonse. Chithunzicho ndinawatumizira amayi.

Achimwene akuti amayi akukana kubweza foni. Akuyenda nayo khomo ndi khomo, kuonetsa anthu mwana wawo.

Zikomo Ambuye. Mawa mwina chithunzichi ndichiika pa intaneti poti aliyense aone, mwina...