Tinapita ndi Masache Okha

Amayi, kaya mukupuma bwanji uko muliko?

Kuno nandolo wachita bwino, kalongonda yekha ndiye wakana. Mng'ono wanga Esinati ali ndi mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Chibwano n'chanu chenicheni, moti ndimaopa kumuyang'ana nthawi yaitali.

Chichokereni inu, a esiteti anazinga manda athu ndi waya, ati malowo ndi awo, adzabzalapo tiyi. Kuyambira pamenepo ndimakulotani mutaima kuseri kwa wayayo, mutavala mpango woyera wa kutchalitchi uja, mukungondiyang'ana osayankhula.

Loweruka lapitali mudzi wonse tinapangana kukasesa. Tinati chikwanje ayi, khasu ayi, masache okha, ndipo akabwera kudzatigwira tingokhala pansi n'kumayimba. Tinakwawa pansi pa waya, mame akutinyowetsa. Mlonda amene anali pageti ndi chibonga tsikulo ndi achimwene a Fanuel, mwana wanu yemwe. Sanandiyang'ane kumaso.

Ndiulule, Amayi, poti kwa abusa ndalephera. Ndinamanga mwala kunsonga ya chitenje, ine amene ndimawerenga Mawu Lamulungu. Apolisi atayamba kukoka amayi achikulire ngati matumba, dzanja langa linaumasula lokha. Pomwepo ndinakumvani, m'khutu mwenimweni, monga munkanenera tikamatolerana miyala ndi achimwene tili ana: "Ukagenda, wagenda ine." Ndinakhala pansi, mwalawo n'kuuika kumutu kwanu. Mukauona musadabwe, ndi wanga.

Anatitengera kupolisi, anatitulutsa mawa lake. Lolemba ndikuthyola tiyi kuesiteti komweko komwe ndimagwira ntchito, akapitawo anandiuza kuti ndikadzaonekanso kumandako ntchito yatha. Ana ndidzawadyetsa chiyani sindikudziwa. Baibulo limati timvere olamulira, lomwelo limati lemekeza atate ako ndi amako. Ndapemphera, koma yankho sindikulimva. Inunso m'maloto simunasunthe pawaya paja.

Dzulo mmawa ndinapeza tsache latsopano pakhomo. Esinati akuti anaona achimwene akulisiya, ali mu yunifolomu, n'kubwerera osaodira. Kaya ndi kupepesa, kaya akuti ndikasesenso m'malo mwawo, inu ndi amene mukumudziwa mwana wanu.

Loweruka likubwerali mundidikire. Ndibwera ndi tsache limenelo, kunsonga ya chitenje kulibe kanthu. Ndikasesa, chonde mukagone, Amayi, mwaima kokwanira.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Elida