Ndinakana Kubowola Masamba

Okondedwa achimwene,

Ndayamba ndi moni. Kodi muli bwanji inu, alamu ndi ana? Nanga amayi, bondo lija lasiya kutupa? Ndinalota akutsimphina, ndiye mtima sunakhale m'malo sabata yonse. Muwaletse kunyamula ndowa okha. Ine ndili bwino, kupatula kachifuwa kaja kamene kamabwera kukazizira.

Nkhani ndi iyi, ndipo ndikufuna muimve kwa ine musanaimve kwa ena. Ntchito ya ku lesitilanti ija yatha. Anandichotsa Loweruka, masabata atatu apitawo. Musafulumire kundikalipira, yambani mwawerenga mpaka pansi.

Malo aja anatchuka chifukwa cha masamba. Mwini wake, mayi amene anandilemba ntchito, sankagula kwina kulikonse koma kwa alimi atatu a kunja kwa tauni, olima ndi manyowa okha, opanda feteleza kapena mankhwala opopera. Pakhomo pali bolodi lolembedwa ndi choko lonena zimenezi, ndi mayina a alimiwo. Pansi pake tinkaika dengu la masamba a tsikulo kuti odzadya adzionere okha. Ntchito yanga inali kutsuka masamba, kukonza dengulo ndi kusonkhanitsa makoko onse m'ndowa. Ndowazo alimi ankabwerera nazo kukawoletsa manyowa. Ngakhale khoko la anyezi silinkatayika.

Masamba osapopera amakhala ndi timabowo ta mbozi. Makasitomala athu ankadziwa zimenezi. Ena ankachita kutenga tsamba m'dengu n'kuliyang'ana padzuwa. Ankati chimene mbozi yadya osafa, munthu angadye osaopa.

Miyezi iwiri yapitayo mayi aja anagonekedwa m'chipatala chifukwa cha msana, n'kusiyira malo muphwa wawo. Ife timamutcha a Tayi, poti ngakhale alowe kukhitchini, m'nthunzi monse muja, tayi savula. Sabata yoyamba yomweyo anayamba kugula masamba a pa lole, otchipa, onyezimira, onunkha mankhwala. Ndikawatsuka manja ankayabwa mpaka m'zigongono. Bolodi lokha sanalikhudze.

Tsiku lina bambo wina wachikulire, amene amadya kwathu Lolemba lililonse, anafunsa kuti kodi mbozi zasamukira kuti, poti m'dengu munalibe tsamba labowo ndi limodzi lomwe. A Tayi anaseka nawo, koma m'mawa mwake anandibweretsera kamakina ka mu ofesi kobowolera mapepala. Anati ndizibowola masamba a m'dengu, apa kawiri apo katatu, kuti zizioneka ngati mbozi zabwerera.

Achimwene, apa ndiye pali manyazi anga. Ndinabowola. Masiku anayi athunthu ndinabowola. Mumandidziwa ine, munthu akangokweza mawu ndimangogonja. Ndinkangoganiza kuti ntchito ikatha ndikagona kuti, ndikauza chiyani amayi. Wophika wamkulu ankandiseka kuti mbozi yathu ndi yophunzira, imadya mozungulira bwino ngati inafika ku sekondale. Khitchini yonse inkaseka. Ine ndinkangopitiriza kubowola.

Lachisanu, tsiku lomaliza la masiku anayiwo, kunabwera mmodzi wa alimi aja, mayi amene timawatcha a Majombo, chifukwa mvula kaya dzuwa amayenda m'jombo. Anabwera pa kagalimoto ka hayala ndi makreti anayi a kabichi ndi sipinachi, zimene anadzala chifukwa cha ife. A Tayi anandituma kuti ndikawabweze, ndikanene kuti masamba atikwanira. Nditatsegula chitseko chakumbuyo, mayiwo sanayang'ane nkhope yanga koma epuloni. Inali ndi timadontho tobiriwira, tija timagwa m'kamakina. Anatola kamodzi, kukaika pachikhatho, n'kunena mofatsa kuti zaka makumi awiri akulima mbozi yotereyi sanaionepo, kodi imaikira kuti mazira. Sanakalipe. Anangopempha ndowa zawo za makoko. Ndinachita kuwauza kuti a Tayi analamula kuti makoko tizitaya m'bini. Anagwedeza mutu n'kukwezanso makreti awo. Bola akanangondimenya mbama.

Loweruka a Tayi anandipatsiranso kamakina kaja. Ndinakaika patebulo n'kunena kuti sindibowola. Anayamba akuganiza kuti ndi nthabwala. Kenako anati ndikumbuke kuti ndinalekera sitandade 4, ndipo anthu ofuna ntchito ali mbwee pa geti. Ndinawayankha kuti sitandade 4 ndi yokwanira kuwerengera bolodi lija n'kudziwa kuti likunama. Wophika wamkulu anandikoka malaya, ati mchemwali khalani chete mudye nawo. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinanyowetsa kansanza, n'kutuluka, n'kufufuta bolodi lonse, makasitomala akuona. Ndinati mayina a anthu aja asakhale pamwamba pa masamba amene sanalime. Ndinafufuta mpaka pangodya.

Basi, epuloni anandivula pomwepo. Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba, ndinaiwala n'zokwera basi zomwe.

Lolemba ndinapita kumunda kwa a Majombo kukapepesa. Ndinayenda ndikubwereza mawu m'mutu njira yonse, koma sanandipatse mpata. Anandipatsa dengu, ati kupepesa kwabwino n'kuthyola nawo sipinachi isanakule. Panopa ndimagwira kumeneko masiku atatu pa sabata. Masiku enawo ndimayenda khomo ndi khomo kugulitsa masamba, ndipo pobwerera ndimatolera makoko m'nyumba zomwezo. Nyumba zisanu ndi ziwiri zavomera kale kumandisungira. Zopeza n'zochepa, sindikubisirani. Mapazi akutupa, denga la chipinda changa layambanso kudontha pakona ya bedi, ndipo ndimadzifunsa kuti ndikadwala ndidzatani. Koma manja asiya kuyabwa.

Mayi mwini lesitilanti akatuluka m'chipatala ndikawaona ndi kuwauza zonse. Kaya akakhulupirira ine kapena magazi awo, sindikudziwa. Sindikapita kukapempha ntchito, ndikapita kukanena.

Ndikudziwa zimene mudzandilembere, kuti wantchito sakangana ndi bwana, kuti ndikagwade kwa a Tayi mwina andibwezera. Musavutike ndi sitampa. Kukhala chete ndinayesa masiku anayi, ndipo masiku amenewo ndi amene amandisowetsa mtendere, osati Loweruka lija. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuopa aphunzitsi, alandilodi, agalu, ngakhale inu amene. Mantha sanathe, koma kukagwada sindipita.

Pempho langa ndi limodzi. Msuweni wathu, dalaivala uja, akubwera kumeneko kumapeto kwa mwezi, ndipo wayamba kale kuuza anthu kuti anandichotsa chifukwa cha mwano. Asanafike, mukhale pansi ndi amayi muwawerengere kalatayi. Yonse. Ndikukudziwani, mudzafuna kudumpha paja ndinabowola masiku anayi kuti ndioneke wabwino. Musadumphe. Amve kuti mwana wawo anachita bodza ndi manja ake, ndipo amvenso kuti analeka yekha, popanda womugwira. Akatero anene okha ngati uli mwano.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti juzi ija ikundithandiza m'mawa kumunda. Moni kwa azakhali, kwa amalume aang'ono ndi banja lawo, ndi kwa ana onse, makamaka wotsiriza uja amene sindinamunyamulepo. Mundiyankhe msanga za bondo la amayi, musandisiye ndikungoganiza.

Ndine mlongo wanu,
uja mumamuti Nankhawa