Mgolo wa Madzi a Galimoto

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumeneko?

Kuno tilipo. Akazi a achimwene a Fanuwelo anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Kulira kwake, ee, ndinu ndithu, safuna kuitana kawiri. Chimanga chinagwidwa ndi mbozi, koma kachewere wachita bwino, mpaka tinasowa matumba.

Koma ndalemba kalatayi chifukwa ndili ndi funso, ndipo wondiyankha ndinu nokha. Ndi za pikapu ya petulo ija abambo anabwera nayo ku Joni, imene ndikuyendetsa ine masiku ano.

Mukuukumbukira mgolo wanu wabuluu wa kuseri kwa nyumba? Mumatchera madzi a mvula a pa malata, kuwasefa ndi chitenje, nkuvindikira. Wina akangoyandikira ndi kapu, mawu anu amamveka mpaka kudimba: "Amenewo ndi a galimoto! Wa ludzu apite ku mjigo!" Ife timaseka kumbali, timvekere galimoto ya amayi imasankha madzi ngati mlendo wa m'tauni. Tinkayesa ndi zikhulupiriro chabe.

Ndiulule. Titangokuikani m'manda, sipanathe miyezi iwiri, mgolo uja ndinaudula pakati nkukhala modyera nkhumba. M'ladiyeta ndinayamba kuthira madzi a pa mjigo. Ndinkati madzi ndi madzi. Zaka zitatu zatha ndikuchita zomwezo.

Ndiye Lachiwiri lapitalo, dzuwa lili paliwombo, ndikukwera mtunda wa ku Biriwiri nditadzaza kachewere, muvi wa kutentha uja unangoti nyomi mpaka pofiira. Nthunzi tolotolo kutsogoloku! Ndinaimika galimoto pambali pa msewu. Dzanja linafuna kuthamangira pa chitsekero cha ladiyeta, koma ndinakumbukira chipsera cha pa mkono wa abambo pamene inawawotcha nthunzi ya ladiyeta, ndinakhala pansi nkudikira kuti izizire.

Achimwene atamva sanazungulire ayi. Akuti injini ikakhala kuti yapsa, palibenso zokonza, tingoigulitsa kwa ogula zitsulo. Mtima unandipweteka, amayi. Popanda iyoyo mavenda azitigula pamunda pomwe pa mtengo wa kukamwa kwawo. Komanso ndi galimoto imene inanyamula bokosi lanu, ine kumbuyo nditaligwirira kuti lisagwedezeke m'mabampu. Imeneyo akaiphwanye ndi hamala?

Galimoto ina inatikoka mpaka kwa a Ngozo, makaniko wa pa boma uja wosaseka. Mukudziwa ine kufunsa ndiye matenda anga, ndinakhala pambali pawo tsiku lonse. Anamasula kunsi kwa ladiyeta, kunatuluka madzi ofiira ngati a m'ngalande mvula yoyamba. Anathiramo mankhwala otsukira, kuliza injini pang'ono, kuidikira izizire, kukhuthula, kuthiranso madzi oyera, kuliza, kukhuthula. Kanayi konse, mpaka otuluka anayera. Ndinafunsa chomwe chinafiiritsa madziwo, akuti dzimbiri, chifukwa madzi okhaokha amadya chitsulo.

Kenako nkhani yosankha kulanti, mankhwala oziziritsa injini aja. Kodi mumadziwa kuti alipo wobiriwira, wofiira, wina wapinki? Ine ndinaloza wofiira poti ndiye amaoneka wamphamvu. A Ngozo anangondiyang'ana, akuti mwayesa ndi sobo? Akuti mtundu pawokha sunena zonse, uziwerenga zolembedwa pa botolo, koma injini yakale ngati yathuyi, ya ladiyeta ya mkuwa, imayenda ndi wobiriwira wachikale uja. Kusakaniza mitundu akuti nthawi zina kumapanga phala lotseka timipata. Wina amabwera wosungunula kale, wina umasungunula wekha theka ndi theka, ndi madzi a batire. Anandichenjezanso kuti ndi wotsekemera koma ndi poizoni, wotsala ndizimubisa kutali ndi ana ndi agalu.

Ndinafunsa kuti nanga madzi a batire akasowa kumudzi kuno? Akuti bola a mvula osefa bwino, koma a pa mjigo ayi, ali ndi miyala. Atatero anapisa dzanja m'beseni la madzi oyamba aja nkundionetsa timakoko toyera, tolimba ngati zigoba za mazira. Akuti izi ndi zimene zinatseka ladiyeta yanu, mayi.

Amayi, ndinatitola nkutiyang'anitsitsa. Timakoko timeneto ndimatidziwa! Ndi tomwe tija mumapala ndi supuni m'ketulo yanu Loweruka lililonse, mukung'ung'udza kuti madzi a mjigo uno amabereka miyala.

Ndiye funso langa nali: anakuphunzitsani ndani? Achimwene akuti ndi abambo, nzeru za ku migodi. Bodza limenelo. Ine ndinawaona ndi maso angawa abambo akutunga madzi a m'chithaphwi ndi chipewa nkuthira m'ladiyeta. Inu sukulu munalekezera sitandade thuli, boneti simunatsegulepo. Kodi munangoyang'ana m'ketulo nkuganiza kuti nayonso injini imawiritsa madzi? Munaganiza liti, mukupala, kapena mukumwa tiyi?

Dzulo ndinakweranso mtunda womwe uja ndi katundu yemwe uja, achimwene ali pambali, maso onse anayi pa muvi. Unafika pakati nkukhazikika pomwepo mpaka tinafika pamwamba pa mtunda. A Ngozo akuti tinapulumukira mkamwa mwa mbuzi, ulendo wina umodzi injini ikanapita. Achimwene za ogula zitsulo sanazitchulenso, anangoti tiyeni tigule chimanga chootcha.

Pobwerera ndinali ndi kamkwiyo, ndimvekere amayinso, bwanji osangotiuza chifukwa chake m'malo momangokalipa? Nditafika ndinatsitsa ketulo yanu pa shelefu, ndipo nditangoivundukula ndinakumbuka. Tsiku lina ine ndi achimwene tikuthira mafuta m'galimoto, munabwera nayo m'manja, mumvekere, "Ana inu, tasuzumirani umu." Ine osasuzumira nkomwe, ndinati, "Amayi, ngati tiyi watha ingonenani." Tinaseka. Inu munaima pang'ono, nkubwerera nayo kukhitchini.

Munatiuza, amayi. Pepani.

Ndagula mgolo wina, uli pamalo pomwe paja kudikira mvula. Ndikulonjeza kuti ndizikalipa ngati inu, ndipo ketuloyi sindiipala. Kamnzanu ka dzina kaja kakadzakula nkufunsa chifukwa chake, ndidzakapatsa kasuzumiremo.

Mupereke moni kwa abambo, koma za chipewa zija musawauze kuti ndanena ndine.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati