Akufuna kuwolotsa mwana wanga mwera ukangoleka

Mwana wanga amuwolotsa nyanja mwera ukangoleka. Ali ndi zaka khumi ndi chimodzi zokha, alibe pepala lililonse la ulendo, ndipo amene wavomera kuti apite ndi bambo ake omubereka.

Aphungu, pepani ndayamba popanda moni, mutu wanga sukuyenda bwino. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndiye mukaona polakwika muzingowerenga choncho. Ndalemba papepala, a nesi amene amachita lendi pafupi ndi kwathu ndiwo ajambula ndi foni yawo kuti zikufikeni msanga.

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Mbungo kuno ku Likoma. Woyamba ndi Yohane, ndinamubereka ndili kamtsikana. Wachiwiri akadayamwa. Yohane mpira amautha, izo sindikana. Akaugwira ndi mwendo wamanzere ngakhale akuluakulu amaimirira. Bambo ake, a Oswald, ndi asodzi, amapha nsomba ndi ukonde wa chilimira. Si munthu woipa ayi. Mowa samwa, dzanja sanandiikepo. Chawo ndi gemu ya pafoni basi.

Gemu yake si ija yothamangitsa tianthu. Iyi umakhala ngati ndiwe mwini timu, umagula osewera, umagulitsa, umasankha olowa m'bwalo. Ndiye muli anthu ena amawatchula kuti masikauti, amene umawatuma kumayiko kukakusakira ana aluso. Akabwerako amakuuza kuti mwana uyu ndi wa nyenyezi ziwiri, uyu zisanu. Ine ndazidziwa izi chifukwa chomvera tsiku ndi tsiku. A Oswald akangobwera kuchokera kunyanja, ukonde uli padzuwa, iwo ali pansi pa mlambe ndi foni. Amatha kukuwa okha, “Mayi a Yohane, sikauti wanga wandipezera mwana ku Brazil!” Ine ndimangoti, “Zikomo, ndiye abwere adzatithandize kusenda chinangwa.” Anyamata a ku Chipyela amachita kuyenda kudzawafunsa nzeru za gemuyi, ndipo amawaitana kuti Kochi.

Chaka chatha sikauti wa m'foniyo anawauza za mwana wina, iwo n'kuzengereza, timu ina n'kumutenga. Anadandaula ngati pagwa maliro. Chiyambire pamenepo mawu awo ndi amodzi: “Sikauti akati tenga, umatenga lero lomwe.”

Tsopano mwezi uno kwabwera bambo wina, akuti dzina lake ndi Douglas. Anatsika sitima atavala jekete la timu, wisulo ili pakhosi. Akuti ndi sikauti wa sukulu ya mpira ya tsidya, ku Mozambique. Dzina la sukuluyo amalitchula mothamanga m'Chipwitikizi, ndikati abwerezenso amangoseka. Amuna anga anamuonetsa gemu ija. Iye anaiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, “Achimwene, inu ndiye ntchito yathu mukuidziwa kuposa makochi a m'tauni.” Kuyambira tsiku limenelo akudya kwathu.

Aphungu, ine ndimagulitsa zitumbuwa pabwalo Loweruka, ndiye Douglas ndinkamuona bwinobwino. Mpira ukuseweredwa uku, iye maso ali kwa azibambo uku, kufunsa kuti mwana uyu ndi wa ndani, uyo amakhala ndi ndani. Pamene Yohane ankagoletsa, iye anali atafulatira bwalo, akusankha chitumbuwa chachikulu m'beseni langa. Koma atafika kunyumba anauza bambo ake kuti, “Chigoli chija ndachiona, mwanayu ndi wa nyenyezi zisanu.” Za nyenyezizo anazitola pakamwa pa amuna anga omwe.

Wasankha ana atatu. Mmodzi mwa iwo ndi Nathaniel, mwana wa mayi wamasiye wa ku Yofu. Nathaniel mpira sautha, Likoma yense akudziwa, pabwalo amangotungira anzake madzi. Chimene amatha ndi kupalasa bwato ndi kukoka ukonde, mphamvu zake ngati munthu wamkulu. Ndipo ndinamumva Douglas akufunsa Yohane kuseri kwa nyumba, “Umasanza m'boti iwe? Ungathe kutandala tsiku lonse osadya?” Kodi mafunso a mpira ndi amenewo?

Nditawauza amuna anga anati, “Inu mayi a Yohane mpira simuudziwa. Sikauti amaona zimene ife sitiona. Mu gemu mwana amaoneka wopanda pake lero, koma sikauti amakhala ataona kale chimene adzakhale.”

Ndinati, “Nanga bwanji osadutsa padoko masana, anthu akuona, a boma akuona?”

Anati, “Za boma zimachedwa. Tikachedwa malo atenga ana ena.”

Akuti adzanyamukira pakagombe kobisika, pa boti la wamalonda wina wa tsidya. Douglas watiletsa kuuza aphunzitsi, watiletsa kuuza abambo a kutchalitchi. Akuti anthu a pachilumba ndi ansanje, angamulodze mwana miyendo. Mayi a Nathaniel akhulupirira, akuti Mulungu wawakumbukira.

Ndinayesa kulimba, ndinati mwana wanga sapita. Apo m'pamene amuna anga anakhala pansi n'kunena kuti, “Ine bambo anga anandikaniza kupita ku Nkhata Bay kukayesedwa mpira. Anati ukonde akoka ndani. Lero ndine uyu, ndikuyendetsa timu ya m'foni. Ndiye mwana wanganso ndimutsekere chomwecho?” Misozi inatsika, Aphungu. Chikwatiraneni sindinawaonepo akulira. 

Ndatchula za kupolisi kamodzi. Anati ndikangopitako ndawavula pamaso pa anthu, ndipo ukwati uthera pomwepo. Alongo anga a Augustine, amene ndi eni mbumba, ali ku Mzuzu, foni yawo sikupezeka. Yohane mwiniwake wachapa kale jezi yake, akuti, “Amayi musalire, mudzandiona pa TV.” Nsapato zake ndinazibisa m'thumba la makaka, bambo ake anazipeza.

Chimene chamusunga mwanayu mpaka lero ndi mphepo basi. Mwera wakhala ukuwomba, boti silingawoloke. Koma lero ndadzuka masamba a mango ali chete. Mafunde achepa, asodzi ayamba kale kusoka maukonde. Douglas wadutsa pakhomo akuimba mluzu, wati, “Alamu, konzani kamba wa mwana.”

Mwina ndine wopusa, mwina ndikumutsekera mwana mwayi. Koma mtima wanga ukukana. Nditani kuti mwana asapite, banja langanso lisathe? Ndilibe woti ndimuuze. Chonde Aphungu, ngati mukudziwa munthu wina aliyense, wa boma kaya wa mpingo, mutumeni abwere lero lino. Asadikire mawa. Abwere msanga, nyanja ikugona.

K.M., Mbungo, Likoma

Mayi K.M.,

Simuli wopusa. Yankho ili sindinadikire tsiku la nyuzipepala, ndalitumiza pa foni ya a nesi nditangomaliza kuwerenga. Ndikulisindikizanso pano kuti makolo ena amve.

Ine munthuyo sindinamuone, ndiye sindinganene kuti mumtima mwake muli chiyani. Koma zimene mwafotokozazi si za mpira. Munthu wofuna mwana wa mpira sasankha wodziwa kukoka ukonde, safunsa za kupirira njala, sathawa doko, ndipo saletsa makolo kuuza aphunzitsi. Umu ndi mmene ana amatengedwera kukagwiritsidwa ntchito kutali ndi kwawo. Lamulo la dziko lino limati umenewo ndi mlandu waukulu, ngakhale bambo a mwana atavomera.

Mwapempha kuti wina abwere. Ndaimbira ogwira ntchito yoteteza ana ndipo ndawapatsa nambala ya a nesi. Koma mayi, ine ndili kumtunda, nyanja ili pakati. Munthu amene ali pafupi ndi Yohane ndinu, ndipo miyendo yanu ifika ku Chipyela msanga kuposa aliyense amene ndingamutume.

Mutengeni mwanayo tsopano lino. Musamutume kumadzi, musamusiye pabwalo. Berekani wakhandayo, muwapemphe a nesi akuperekezeni, mupite kupolisi ku Chipyela mukafunse ofesi yothandiza amayi ndi ana. Mukatero mukaonenso a zachisamaliro cha anthu ku maofesi a boma komweko. Mukafotokoze monga mwandifotokozera ine, makamaka za Nathaniel, za mafunso aja, ndi za gombe limene akufuna kunyamukira. Muli m'njira a nesi aimbe 116, nambala yaulere yothandiza ana. Uzaninso abambo a kutchalitchi ndi a hedi a sukulu, kuti uthenga ufike kwa mayi a Nathaniel ndi makolo a mwana wachitatuyo, komanso kwa a komiti ya kugombe. Eni maboti onse akadziwa, palibe amene angalole kunyamula anawo mobisa. Zonena za ufiti zija zinali zongofuna kukutsekani pakamwa.

Tsopano za bambo a Yohane. Musapite kukawaneneza. Mukanene za mlendoyo, ndipo munene poyera kuti amuna anu anamizidwa chifukwa chokonda mwana wawo, pakuti zoona zake n'zimenezo. Douglas anaona bala limene a Oswald ali nalo n'kupondapo.

Ndipo polankhula nawo musainyoze gemuyo. Ndafunsa mnzanga wolemba zamasewera amene amaisewera, ndipo wati gemuyo ili mbali yanu. Afunseni modekha mafunso awa, ayankhe monga Kochi. Sikauti wa m'foniyo anamulemba ntchito ndani? Ndi iwo eni, atayamba aona ngati ali ndi diso labwino. Nanga Douglas anamulemba ndani, ndipo anamuyesa ndani? Kodi mu gemumo sikauti amanyamula mwana n'kupita naye? Ayi. Ntchito yake ndi kuona n'kukanena, kenako timu ndiyo imabwera poyera kudzakambirana. Kodi wosewera gemuyo mwanzeru amagula mwana atangomva kwa sikauti mmodzi amene waonera masewero amodzi? Mnzangayo wati amatumanso wachiwiri, amadikira mpaka chithunzi chikwane. Pomaliza afunseni kuti mwana wa zaka khumi ndi chimodzi amasamukira ku timu ya dziko lina kodi. Malamulo a mpira wa padziko lonse salola zimenezo mwachisawawa mwana asanakwane zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo gemuyo imatsata lamulo lomwelo. A Oswald akulidziwa. Angoliiwala chifukwa ulendo uno mwanayo ndi wawo.

Ngati akuumirirabe kuti sukuluyo ilipo, atume sikauti wawo. Douglas atchule dzina la sukuluyo pang'onopang'ono pamaso pa apolisi, apereke nambala ya akuluakulu ake, ndipo bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno lifunsidwe ngati likumudziwa. Munthu woona sakwiya ndi zimenezi.

Mwandifunsa za banja. Sindikunamizani, akwiya. Mwina masiku angapo sakulankhulitsani. Pitirizani kuwasaka a Augustine, ndipo ankhoswe adziwe lero lomwe kuti mwachita chiyani ndi chifukwa chake. Mkwiyo wa mwamuna ankhoswe amaudziwa pougwira. Koma banja limene mwana wake wasowa tsidya la nyanja, bambo ndiye atavomera, sindikudziwa nkhoswe amene angalimange.

Yohane nayenso alira, anena kuti mwamuphera mwayi. Muuzeni kuti luso lake mwaliona, ndipo mupemphe aphunzitsi a masewero amulowetse m'mipikisano ya sukulu, kumene ofuna ana moona mtima amakaonera masana. Luso si usipa wa m'dzinja woti ukachedwa kuyanika uwola. Ngati ali wa nyenyezi zisanu, chaka chamawa adzakhala ali nazobe.

Chenjezo langa ndi ili. Musakangane ndi Douglas nokha, ndipo musamuonetse kuti mwamutulukira. Akadziwa akhoza kufulumiza ulendo ndi ana awiri enawo. Akakufunsani kumene mukupita, ingonenani kuti muli ndi a nesi, musaime. Musadikire kuti amuna anu avomere kaye, mudzakambirana mwana ali pabwino.

Zakwana. Abwezereni a nesi foni yawo, mugwire Yohane dzanja, muziyenda.

Aphungu