Usamasule Chingwe Ndisanafike

Wokondedwa mwana wanga Kaputeni,

Ndikupatsa moni, iwe pamodzi ndi apongozi anga ndi adzukulu onse. Muli bwanji kumeneko? Chifuwa chija cha m'mamawa chinakusiya? Kuno tili bwino. Amene akulemba ndi mlongo wako Namantha, koma mawu ndi anga. Ndamuuza kuti asakongoletse kanthu, ndipo akamaliza andiwerengere kawiri.

Ndiyamba ndi kuwerenga ana anga, chifukwa tsiku lina ndinawerenga molakwa. Ndiyambira kwa wamng'ono.

Tulo, mzime wanga, amene ankagona pa benchi la boti mpaka kuwoloka kawiri osadziwa, lero amalumikiza magetsi m'nyumba zosanja, ndipo ali ndi anthu anayi omugwirira ntchito. Kamlomo, amene ankayankha funso lisanathe, ndi mphunzitsi wamkulu. Akangotsokomola, sukulu yonse imati zii. Namantha, amene ankawoloka mtsinje atatsinzina, atagwira malaya ako, ndi namwino wa m'chipinda cha opaleshoni, ndipo magazi sawaopa. Akuti ndichotse za kutsinzinazo, ndakana.

Wachinayi ndiwe, chisamba changa. Bambo ako atagwa ndi matenda aja, unasiya sukulu uli folomu 2, n'kukaima pamene ankaima iwo. Wayendetsa boti zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Mvula, mphepo, madzi odzaza, koma palibe munthu amene unamutaya m'madzi, kupatula chipewa cha abusa. Atatu ndatchulawa ankapita kusukulu tsidya lija pa boti lako, m'mawa uliwonse, mpaka anamaliza.

Bambo ako anakuphunzitsa kuti ukaliza belu usamangomasula chingwe, uziyamba wayang'ana kumtunda, pokhota msewu paja, ngati palibe wina akuthamanga. Sunasiye khalidwe limenelo. Anthu ankadandaula kuti boti la Kaputeni limanyamuka nthawi ya Kaputeni, koma odandaulawo tsiku lochedwa iwo ankafika akukuyamika ali wefuwefu.

Namantha wandikumbutsa za tsiku la mayeso ake omaliza. Anaiwala chikalata cholowera m'chipinda cha mayeso, n'kubwerera kunyumba akulira, boti litadzaza kale. Iwe unatsegula injini, n'kutenga sipanala, n'kumangogogoda apa ndi apo nkhope ili gwa. Amayi ogulitsa tomato aja anakufunsa kuti injiniyo yadwala chiyani, iwe unawayankha kuti yagwidwa chimfine. Mwanayo atangoonekera pokhota paja, injini inachira. Akulemba zimenezi akuseka, koma ndamva mphuno ikufwenthera.

Tsopano ndinene cholakwa changa. Tsiku lija unandiperekeza kuno kuchipatala cha maso, tili pa mzere, mayi wina anandifunsa za ana anga. Ndinatchula namwino, mphunzitsi wamkulu, ndi wa magetsi, mawu ndikukweza kuti benchi lonse limve. Mayiyo atakuloza iwe, utasenza chikwama changa, ndinangoti uyu ndi wakwathu, wandiperekeza. Basi. Unatula chikwamacho pang'onopang'ono, n'kundiuza kuti uthamangire basi chifukwa boti walisiyira munthu wina. Kuchokera tsiku limenelo miyezi iwiri yatha, foni yako imangolira.

Ndakhala ndikudzifunsa chimene chinandichititsa. Kwathu palibe munthu anandifunsapo kuti Kaputeni ndani. Ndi ine amene ndimadziwika ndi dzina lako, amangoti mayi a Kaputeni, ndiye pakamwa panga sipanazolowere kukufotokoza. Koma ndisabisale pamenepo. Ndinafuna kuti mayi wa pa mzere uja andione wapamwamba, ndipo ndinachita manyazi ndi nsapato zako za mphira. Ndinalakwa, mwana wanga. Undikhululukire.

Za kuno ndi izi. Diso lakumanja analikonza, ndikuona bwino. Ndadabwa kupeza kuti apongozi anga akuno, amuna a Namantha, ali ndi dazi, chonsecho palibe anandiuza. Iwo akuti likanakhala diso lakumanzerenso, akanasamuka m'nyumba. Lakumanzerelo a dokotala akuti tidikire kaye. Nyumba ino ili pamwamba, masitepe ndi makumi atatu ndi awiri, ndimatsika kamodzi patsiku ngati nkhuku yokalamba. Madzi a kuno amatuluka pakhoma, alibe phokoso lakelake. M'mawa ndimadzidzimuka nthawi ya belu lako loyamba, n'kupeza kuti akulira ndi ma minibasi.

Nkhani ya boti ndinaimva kwa malume ako. Akuti mlatho watsopano uja anautsegula, anthu onse akudzera kumeneko, ndipo eni ake a boti anena kuti lisiya kuyenda kumapeto kwa mwezi uno. Akuti Lachiwiri lapitalo unawolotsa munthu mmodzi ndi mbuzi yake, komabe belu unaliza, kumtunda unayang'ana. Akutinso mabenchi wawapaka penti, iwo atakufunsa kuti ukupakira ndani, unangoti penti inalipo. Ndipo akuti ukafika kunyumba umangokhala pakhonde, ukafunsidwa umati ntchito ya munthu wosaphunzira imatha chonchi.

Mawu amenewo andilasa, chifukwa ndikudziwa kumene anachokera. Mlatho sindikuuda. Mayi woyembekezera sadzadikiranso m'bandakucha kuti akafike kuchipatala, ndipo iwe ndi amene unkalakalaka zimenezo kuposa aliyense. Koma mlatho wabwera dzana, pamene anthu a tsidya lakwathu akhala akuwoloka zaka zonsezi. Anawolotsa ndani? Za ntchito ina tidzakambirana tonse tikakumana. Abale ako ali ndi maganizo, Kamlomo ali nawo ambiri monga mwa masiku onse. Koma zimenezo zidikire.

Pempho langa ndi limodzi. Ndikufuna kuwoloka pa ulendo womaliza, ndi diso langa latsopanoli. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikukwera boti lako ndikungomva mawu ako, nkhope osaiona. Ndikufuna ndikuone ukuyendetsa. Apongozi akuno anati anditengere pa galimoto kudzera pa mlatho, akuti ndi mphindi zitatu zokha. Ndawauza kuti mphindi zitatuzo asungire ena, ine anditsitse padoko la tsidya lija. Ndidzakhala pa benchi lakutsogolo, pamene ndinkakhala bambo ako akuyendetsa, ndipo aliyense amene adzakwere tsiku limenelo adzamva kuti woyendetsayo ndi mwana wa ndani. Ngati udzachita manyazi, ndi zako.

Belu lija ukawapemphe eni ake a boti. Linali la bambo ako, anabwera nalo okha. Lisapite ku zitsulo zakutha.

Undiperekere moni kwa apongozi anga, uwauze kuti ndikuthokoza posamala nkhuku zanga, ngakhale ndamva kuti tambala uja anapita kukacheza mumphika. Moni kwa adzukulu anga onse, kwa malume ako, kwa azakhali ako, uwauze asasiye kumwa mankhwala a miyendo, ndi kwa amayi a tomato ngati akugulitsabe padoko. Namantha ndi amuna ake akupereka moni kwa achimwene awo. Namantha akuti nthawi ino awoloka maso ali otsegula, tidzaona.

Ndauza ana anga onse kuti tikumana Loweruka, pa 30 Novembala, tsiku lotsiriza la boti. Tulo wapempha kale tchuthi, Kamlomo abwera ndi banja lake lonse. Tikawoloka tidzadyera pamodzi kunyumba kwako. Malume ako akuti ulendo womaliza unyamuka 4 koloko madzulo. Ife tinyamuka kuno m'mawa, koma msewu ndi wautali ndipo miyendo yanga ukuidziwa. Ukaliza belu, uyang'ane kumtunda. Ukaona kuti sitikuoneka, sipanala ija ndikudziwa uli nayobe.

Ndine mayi ako okukonda,

Mayi a Kaputeni

Dzinali ndalemba ndekha, n'chifukwa chake lapendama.